“Ayi” si mwano: mawu a mnzathu pa mkumano wa Loweruka

Loweruka lapitali kalabu yathu inakumbukira Tsiku la Umoyo wa M'maganizo, lomwe dziko lonse limakumbukira pa 10 October chaka chilichonse. Amene anatiyankhula ndi mmodzi mwa mamembala athu akale, mtsikana wa konkuno kwa Kadewere yemwe amachita geni ya okala. Ambiri amene munatanganidwa ndi kusosa mwakhala mukufunsa pa gulu la WhatsApp kuti ananena zotani. Talemba mmene anayankhulira, ndipo mwiniwake wavomera kuti tiike pano, bola dzina lake lisatchulidwe. Werengani mpaka kumapeto, mugawireko anzanu.

*

Zikomo a wapampando. Ulemu wanga upite kwa a gulupu amene atibwereka bwaloli, a matironi ndi a patironi athu, alangizi a zaumoyo amene muli nafe, ndi inu nonse achinyamata anzanga. Muli bwanji nonse? Kumbuyoko sindinamve bwino, kaya ndi njala.

A wapampando atandiimbira kuti ndidzayankhule lero, ndinawayankha kuti, “Ndiganize kaye, ndikuuzani mawa.” Anadabwa. Akuti, “Iwe, wayamba liti zimenezo?” Anadabwa chifukwa amandidziwa. Kale ndikanavomera iwo asanamalize n'komwe kuyankhula, kenako usiku n'kumatembenuka pamphasa ndikudzifunsa kuti ndavomereranji. Ulendo uno ndinaganizadi, ndinaona kuti ndikufuna, ndiye ndabwera. Nkhani yanga lero ndi yomweyo: mmene ndinaphunzirira kukana, ndi mtengo umene ndinalipira ndisanaphunzire.

MWANA WOMVA

Ine ndine woyamba kubadwa m'banja la ana asanu. Kuyambira ndili wamng'ono dzina langa linali “mwana womva”. Kumjigo ndine, kuchigayo ndine, mwana wa azakhali akalira kumsana ndi kwanga. Alendo akabwera amayi ankati, “Uyu ndiye sakana ntchito.” Ndipo ndikamva mawu amenewo mtima unkakoma ngati ndadya uchi.

Musandimve molakwa. Ulemu umene anatiphunzitsa makolo, anamkungwi ndi aphunzitsi ndi wabwino, ndipo ndimaugwiritsa ntchito mpaka lero. Koma pali chinthu chimodzi chomwe palibe anandiphunzitsa: mmene munthu angakanire mwaulemu. Ndinakula ndikudziwa njira ziwiri zokha, kuvomera kapena kuchita mwano. Poti sindinkafuna kukhala wamwano, ndinkangovomera. Nkhope ya munthu ikangosintha pang'ono, ine m'mimba kutentha, n'kuyamba kufufuza kuti ndalakwa pati. Munthu andiponde phazi, wopepesa ndine. Alipo ena pano otero? Osakweza mkono, ndikukuonani kale.

OKALA NDI KOPE LA NGONGOLE

Nditalemba mayeso a Fomu 4 ndinakhala pakhomo zaka zingapo. Kumayambiriro kwa 2023 ndinalowa banki mkhonde, ndinatenga ngongole n'kutsegula kaokala: shuga, sopo, mchere, mafuta ophikira oyeza, machesi, mayunitsi. Katundu ndinkakaoda ku Limbe. Miyezi yoyamba zinkayenda, moti ndinayamba kulota zogula makina osokera.

Kenako mu March chaka chomwecho inabwera Freddy. Sindikuuzani zachilendo, nonse munalipo. Minda inakokoloka, nyumba zinagwa, kwa Ntauchira uko abale athu anakwiririka ndi matope. Anthu analibedi kanthu, sanali kunama ayi. Ndiye anayamba kufika pa okala paja. “Mwanawe, tandilembera sopo, ndikupatsa ndikagulitsa nandolo.” “Asisi, kamafuta ka ndiwo, mawa ndibweretsa.” Ndinagula kope la ngongole. Kunabwera azakhali, kunabwera malume, kunabwera mnzanga amene tinkakhala desiki imodzi, kunabwera ngakhale anthu amene sitinkapatsana moni. Ena sankafuna katundu, ankafuna ndalama yeniyeni ya m'kabati. Onsewo ndinkawayankha mawu amodzi: “Chabwino, palibe vuto.” Chonsecho vuto linalipo, ndipo linali langa.

Nandolo anakololedwa, anagulitsidwa, ndalama sindinaione. Kukakumbutsa munthu ngongole ndinkaopa kuposa njoka. Ndimanyamuka kuti lero ndikanena, kufika pakhomo pawo n'kungocheza za mvula, kenako n'kutsanzika. Mu November 2023 boma linatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti. Nditapita ku Limbe, ndalama imene kale inkadzaza chikwama cha katundu inangogula theka. Mashelefu anayamba kuoneka matabwa. Kuti anthu asadziwe, ndinatenganso ngongole ina pamwamba pa yoyamba.

Mu December, nthawi yogawana masheya, azimayi a banki mkhonde anabwera kwathu. Sindikuwada, malamulo tinagwirizana tonse ndipo chala ndinadinda ndekha. Ndalama ndinalibe, ndiye anamasula mbuzi ya amayi. Amayi sanakalipe. Anangoti, “Mbuzi imeneyo ndimasungira fizi ya mng'ono wako.” Akanandimenya bwenzi zili bwino.

Taonani zimene zinachitika apa. Poopa kukhumudwitsa anthu a kunja, ndinakhumudwitsa mayi wondibereka ndi mwana wa sukulu amene sanadyeko kalikonse. Nthawi zonse ukamavomera zimene sungathe, pali wina amene akulipira, ndipo kawirikawiri amakhala wa m'nyumba mwako.

MUTU WOSAMVA PANADO

Kuchokera pamenepo tulo tinatha. Mutu unkawawa tsiku lililonse, mtima kuthamanga, nsima osalowa. Foni ikalira ndinkaibisa pansi pa pilo. Ndinkaganiza kwambiri, usiku wonse kuwerengetsera ndalama zomwezomwezo. Ndinena poyera chifukwa mwina wina pano akudutsa momwemo: maganizo oti bola kungochoka pa dziko lino anandifikira. Sindinauze aliyense, poti ngakhale pamenepo ndinkaopa kuvutitsa anthu.

Ndinapita kuchipatala katatu chifukwa cha mutu. Kuyeza malungo, osapezeka. Ulendo wachitatu anesi anatseka buku langa, n'kundiyang'ana, n'kufunsa kuti, “Kodi mwanawe, umagona tulo?” Funso lomwelo basi. Ndinalira ngati pamaliro. Atandisiya kuti ndimalize, anandiperekeza kuchipinda cha achinyamata kwa aphungu. Osati aphungu a ku Nyumba ya Malamulo aja, amenewo timawaona nthawi ya kampeni. Ndikunena munthu wophunzitsidwa kupereka uphungu.

Ndinkakana mumtima. Ife a ku Chiradzulu mawu oti uphungu tinawazolowera kuchipinda choyezera magazi. Boma lathu ndi limodzi mwa malo oyamba m'Malawi muno kumene anthu anayamba kulandira ma ARV kwaulere, pomwe a Médecins Sans Frontières anayambitsa ntchitoyi mu 2001, ndipo uphungu wa kumeneko wapulumutsa abale athu ambiri. Koma chifukwa cha chimenecho ena timaganiza kuti uphungu ndi wa HIV yokha, ena timati ndi wa anthu amisala opita ku Zomba. Ine ndinkati anthu akandiona ndikulowa m'menemo anena chiyani? Mwaona eti, ngakhale pakhomo la thandizo funso langa linali lomwelo: anthu anena chiyani.

ZIMENE ZIMACHITIKA M'CHIPINDA MUJA

Ndikufotokozereni, chifukwa ambiri timaopa zimene sitikuzidziwa. Uphungu ndi wosiyana ndi malangizo amene tinazolowera. Kuchilangizo umakhala pansi, mutu woweramitsa, akuluakulu akuyankhula, iwe n'kumati “ee”. Kuuphungu woyankhula kwambiri ndiwe. Aphungu aja anayamba ndi kundiuza kuti zimene tikambe zithera m'chipinda momwemo, pokhapokha ngati moyo wanga kapena wa munthu wina uli pangozi, ndipo zikatero adzandiuza kaye asanauze wina. Anandifunsa mosazungulira ngati ndinaganizapo zodzichotsera moyo. Ndinavomera. Sanadzidzimuke, sanandilalikire. Tinagwirizana kuti ndiuze munthu mmodzi wa kunyumba, ndi kuti maganizowo akabweranso ndibwere tsiku lomwelo osadikira tsiku la pulogalamu. Ndinasankha amayi.

Ulendo wachiwiri anati ndibwere ndi kope lija. Tinawonkhetsa limodzi. Anthu 31, ndalama K212,000. Kuyambira pomwe ndinaligula ndinali ndisanawonkhetsepo, ndinkaopa. Kenako anandipatsa pensulo, akuti, “Pa dzina lililonse ulembe chizindikiro. Amene unamupatsa ukufuna, chonga. Amene unamupatsa ukuopa, ika mtanda.” Ndinachonga mayina 6. Mitanda inakwana 25.

Akuti, “Unkaopa chiyani?” Ine ndiye, “Kuti andida.” Akuti, “Nanga pano, anthu 25 amenewa amakukonda kuposa kale?” Ndinakhala chete. Chifukwa zoona zake n'zakuti ambiri mwa iwo anasiya kudutsa pa okala panga. Akapeza ndalama ankakagula kwa ena kuopa kuti ndiwakumbutsa. Tikakumana panjira ankayang'ana kumbali. Ndinataya ndalama kuti ndisunge chibale, mapeto ake ndinataya zonse ziwiri. Akulu anati manyazi anapha lambe. Ine ndinatsala pang'ono.

KUTHANGATA NDI THANGATA

Masabata amenewo anali a mu January, ndipo pa 15 tinali pa tchuthi cha John Chilembwe. Ndikumvera wailesi akufotokoza za thangata, china chake chinandigunda mumtima. Tonse tinaphunzira kusukulu kuti ku Magomero, m'minda ya A. L. Bruce, makolo athu ankagwira ntchito ya thangata ngati malipiro a malo amene ankakhalapo, ndipo wokana ankathamangitsidwa. Ichi ndi chimodzi mwa zinthu zimene zinabweretsa kuukira kwa pa 23 January 1915. Koma taganizani za liwulo. Kuthangata ndi mawu athu abwino, ndi kuthandizana. Mnzako akamamanga nyumba kapena akatsalira kumunda umakamuthangata, mawa iyenso adzakuthangata. Liwu lokoma chonchi linasanduka bwanji dzina la ukapolo? Linasanduka pamene munthu analandidwa ufulu wokana. Ntchito ndi yomweyo, khasu ndi lomwelo, koma kwina ukupita wekha, kwina ukupita chifukwa ukapanda kupita zikuonekera.

Ndinayang'ana kope langa lija. Mayina 6 ochonga aja kunali kuthangata. Mitanda 25 ija inali thangata. Sindikunena kuti abale anga ndi atsamunda, ayi ndithu. Ambiri sankadziwa n'komwe kuti ndikuvutika, poti ndinkawapatsa ndikumwetulira. Kapitawo amene ankandikwapula anali mantha a m'mutu mwanga momwe.

Nditawauza aphungu zimenezi anaseka, akuti, “Tsopano tikambe za malire.” Anandifunsa ngati munda wa amayi uli ndi malire. Ndinati ee, mbali ina kuli nsenjere, mbali ina kuli khonje. Kuno kwathu malo ndi ochepa, kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 350,000 m'boma laling'ono ngati lino, ndiye a gulupu ali apawa akudziwa kuti milandu yambiri pabwalo pano ndi ya malire. Akuti, “Amene anadzala khonje uja amadana ndi mnansi wake?” Ndinati ayi, ndi amene amagawana mbewu. Amene amatengerana kwa amfumu ndi aja malire awo sakuoneka, chaka chino wina walowa mzere umodzi, chaka chamawa iwiri, mwini munda ali chete koma mtima ukuwira. Munthunso amafunika malire otero pa ndalama zake, nthawi yake, foni yake ndi thupi lake. Ndipo wodzala khonje ndi mwini munda. Sungamadikire kuti mnansi adzakudzalire.

ZIMENE TINACHITA

Sitinangocheza, tinagwira ntchito. Ndikuuzani zinayi.

Choyamba, tinalemba mavuto onse, n'kusankha limodzi loti tiyambire. Ine ndinkafuna kuthetsa zonse tsiku limodzi: ngongole, mbuzi, chibwenzi, tulo. Aphungu anati sankha limene ungathe kuligwira sabata ino. Pambuyo pake ndinamva kuti njira yotereyi ndi imene amagwiritsanso ntchito a Friendship Bench ku Zimbabwe, ntchito imene anayambitsa dokotala wa za m'maganizo Dixon Chibanda ku Harare. Kumeneko agogo aakazi ophunzitsidwa amakhala pa benchi kunja kwa chipatala n'kumamvetsera anthu ovutika ndi kuganiza kwambiri, n'kumawathandiza kuthetsa vuto limodzi pa nthawi. Njirayi yayesedwanso m'zipatala zina kuno ku Malawi. Ine ndinasankha kukakumana ndi a banki mkhonde m'malo mowathawa. Ndinapita ndi pepala lolemba kuti ndizipereka zingati pa sabata. Anavomera.

Chachiwiri, ndinalekanitsa ndalama. Ya mpamba wa geni payokha, imeneyo siituluka ngakhale kubwere ndani. Ya thandizo payokha, m'kachitini, K10,000 pa mwezi. Ya m'kachitiniyo ndikapereka sindilemba m'kope, ndapereka basi. Ikatha yatha, tionana mwezi wamawa.

Chachitatu, ndinaphunzira mawu oti “ndiganize kaye”. Ife okonda kusangalatsa anthu pakamwa pamathamanga kuposa mutu. Ukapempha nthawi, ngakhale usiku umodzi, umapeza mpata wodzifunsa mafunso awiri: kodi ndikufuna, nanga kodi ndingathe? Koma ukanena kuti uyankha mawa, mawalo yankhadi. Kuzemba si kukana.

Chachinayi, tinkayeserera ngati sewero. Aphungu ankakhala malume, ine n'kumawakana. Ulendo woyamba ndinavomera ngakhale linali sewero! Anandiphunzitsa kuti yankho likhale lalifupi ndiponso loona. Ukayamba kunama kuti “ndalama ndatumiza ku Limbe”, munthu amangoti “ndiye ndibwera Lachisanu”, wadzimanga wekha. Ukachulutsa zifukwa, wapereka poti akugwire. Anandichenjezanso kuti ndikakana mtima udzandiimba mlandu ngati ndaba. Akuti kumva choncho sikutanthauza kuti walakwa, ndi chizolowezi cha zaka zambiri chimene chikulira. Puma mpweya pang'onopang'ono, usathamangire kukasintha mawu, pofika mawa zidzakhala zitachepa.

TSIKU LA MALUME

Mayeso enieni anabwera kumayambiriro kwa February. Malume anafika madzulo, akufuna K40,000 ya feteleza wobereketsa. Mukudziwa kuti kuno kwathu malume ndi mwinimbumba. Ndi amene adzakhale patsogolo tsiku la ukwati wanga, ndi amene amayankhula pa maliro a pakhomo pathu. Si munthu womuyankha uli chiimire.

Ndinawayalira mphasa, ndinagwada, manja akunjenjemera. Ndinati, “Malume, vuto lanu ndalimva, ndipo ndi loona. Koma ndalama ya geni sindingathe kuitulutsa, ili ndi ngongole. Chimene ndingathe ndi K5,000 iyi, si ngongole, ndakupatsani. Ndipo Loweruka ndibwera ndi ang'ono anga tidzakuthandizeni kubandira.”

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Akuti, “Wayamba kudzimva eti? Timakuona ngati mwana.” Anabwereza pempho lawo katatu, ine ndinabwereza yankho langa katatu, mawu omwewo, osakweza. Ananyamuka osatsanzika, ndalama ija anaisiya pamphasa. Usiku umenewo ndinatsala pang'ono kutsegula kabati n'kuthamangira kwawo. Amayi ndi amene anandigwira mkono. Akuti, “Khala pansi. Mchimwene wanga ndimamudziwa ine.”

Loweruka tinapitadi kukabandira. Sanatiyankhule. Miyezi iwiri yathunthu moni wanga ankayankha ndi mphuno. Tsiku lina mu April anangotulukira pa okala, n'kugula mchere, n'kulipira, n'kufunsa kuti geni ikuyenda bwanji. Za tsiku lija sitinakambeponso mpaka lero. Koma akabwera pano timacheza, ndipo ine sindikhalanso ndi mantha oti abwerera chiyani.

Ndisakunamizeni kuti zonse zimatha bwino chonchi. Mnzanga wa desiki imodzi uja nditamukumbutsa ngongole yake anandibuloka pa WhatsApp, n'kumauza anthu kuti ndalama zandipenga. Mpaka pano sitiyankhulana, ndipo zimandiwawa. Ena mukawaikira malire adzachokadi. Ndi bwino mudziwiretu.

“UKANAKHALA KUTI UMANDIKONDA”

Tsopano atsikana anzanga, ndipo anyamata mumvenso. Nthawi yonseyi ndinali ndi chibwenzi. Dzina lake pa kope lija linali ndi mtanda waukulu. Mawu ake anali amodzi: “Ukanakhala kuti umandikonda.” Ukanakhala kuti umandikonda bwenzi utandipatsa ya kubetcha mpira. Bwenzi utandiuza pasiwedi ya foni yako. Bwenzi utanditumizira chithunzi chija. Bwenzi usakukakamira za kondomu. Zina ndinavomera ndikulira mumtima. Ndinali ndisanadziwe kuti munthu amene sanaphunzire kukana pa nkhani ya sopo, zimamuvutanso kukana pa nkhani ya thupi lake. Ndi pakamwa pomwepo, ndi mantha omwewo.

Nditayamba kunena kuti ichi ayi, ichi ayi, chibwenzi chinatha pasanathe mwezi. Ndinalira, koma ndinagona tulo. Chithunzi chikachoka mufoni mwako sichibwereranso. Mimba ndi matenda sizifunsa kuti unavomera ndi mtima wonse kapena unkangoopa kusiyidwa. Ndipo ang'onoang'ono amene muli pano, lamulo la za maukwati la 2015 komanso kusintha kwa malamulo aakulu a dziko lino mu 2017 zimanena kuti munthu sangalowe m'banja asanakwane zaka 18. Kaya akukukakamizani ndi makolo, kaya ndi malume, lamulo lili mbali yanu.

Anyamata musaganize kuti matendawa ndi a atsikana okha. Alipo a kabaza pano amene amanyamula anzawo ulere tsiku lonse, madzulo mwini njinga akufuna yake, mafuta atha. Alipo amene akalandira ya ganyu amaithera kugulira anzawo mowa kuti asatchedwe oumira. Ena munayamba chamba osachifuna, kungoopa kuti aise akusekani. Ndiye poti munauzidwa kuti mwamuna salira, mumazisunga mpaka zitaphulika. Chipinda cha uphungu chija chilibe chikwangwani choti akazi okha.

NANGA UMUNTHU?

Ndikudziwa kuti ena mukuti, mtsikana ameneyu akutiphunzitsa kuumira, izi ndi za azungu. Funso limenelo ndinadzifunsanso. Ife timati kupatsa n'kuika, timati mutu umodzi susenza denga. Ndipo ndi zoona. Freddy itagwetsa khitchini yathu ndi anansi amene anabwera ndi mitengo ndi udzu. Sindingaime pano n'kunena kuti aliyense aziona zake.

Koma taonani. Nthawi imene ndinkavomera chilichonse, okala inatsala pang'ono kutsekedwa, ndipo ikanatsekedwa bwenzi palibe amene ndikumuthandiza. Pano kachitini kaja katha zaka pafupifupi ziwiri kakugwira ntchito mwezi ndi mwezi. Agogo ena a m'mudzi mwathu amalandira sopo ndi mchere mwezi uliwonse osapempha, ndipo ndimawapatsa ndi mtima woyera, osang'ung'udza kuseri. Kale ndinkapereka zambiri koma ndili ndi mkwiyo wobisa. Mwa ziwirizi, umunthu ndi uti?

Chinanso, malire ali ndi mbali ziwiri. Tsiku lina ndinatuma mng'ono wanga kuti akandikhalire pa okala, iye n'kunena kuti, “Achemwali, lero ayi, mawa ndili ndi mayeso.” Ndinapsa mtima! Kenako ndinadziseka ndekha. Ngati ndikufuna kuti ayi wanga alemekezedwe, ndiyenera kulemekezanso wa anzanga, ngakhale wa mwana.

PAMENE KUKANA KULI KOOPSA

Ichi ndiye musaiwale. Zonse ndanenazi ndi za anthu amene ukawakana amakwiya, amanyanyala, amakujeda. Koma alipo ena amene ukawakana amamenya, amaopseza, amagwiririra. Ngati muli m'manja mwa munthu wotero, kaya ndi chibwenzi, kaya wachibale, kaya wina amene ali ndi udindo pa inu, vuto si loti simudziwa kukana, ndipo musakayesere nokha mawu amene ndakuphunzitsaniwa. Pamenepo pakufunika chitetezo. Imbani 116, nambala yaulere yothandiza ana, kapena 5600 ya nkhani za nkhanza, zonsezi amayendetsa a YONECO a ku Zomba. Kupolisi kuli ofesi ya Victim Support Unit, ku Boma kuli ofesi yoona za chisamaliro cha anthu. Uzani a matironi, a patironi kapena alangizi a zaumoyo, akuperekezani.

Ndipo ngati maganizo oti bola kufa akukufikirani, musadikire kuti mulimbe mtima. Uzani munthu lero lomwe, mupite kuchipatala chimene muli nacho pafupi, kaya ndi ku Thumbwe, ku Namitambo, ku PIM kapena ku Boma. Mukafika nenani zoona, osangoti mutu. Ine ndinataya maulendo awiri ndikunena za mutu. Funsani ngati pali wopereka uphungu kapena tsiku la achinyamata, ndipo ngati palibe, pemphani akutumizeni kumene aliko.

POMALIZA

Ngongole ya banki mkhonde ndinamaliza patatha miyezi 9. Pa K212,000 ija ndinatolera pafupifupi theka, yotsalayo ndinaikhululukira mwa kufuna kwanga, n'kung'amba masamba ake. Amayi ndinawagulira kambuzi kena, pano kali ndi ana awiri. Kope la ngongole likadalipo, chifukwa geni ya kumudzi siyenda popanda ngongole, koma lili ndi lamulo lolembedwa pachikuto: osapitirira K2,000, ndipo yakale ithe kaye. Mantha aja sanathe. Dzulo lomweli munthu wina atandipempha m'mimba munatentha ngati kale. Kusiyana kwake n'koti pano ndimawazindikira, ndipo si iwo amene amandiyankhira.

Ndikusiyirani ntchito ya kunyumba. Sabata ino, tengani pepala mulembe zinthu zisanu zimene mwavomera posachedwa. Chimene munafuna, chongani. Chimene munaopa, ikani mtanda. Kenako sankhani mtanda umodzi, waung'ono kwambiri, osayambira pa malume ngati ine. Mwina ndi mnzanu amene amabwereka foni yanu n'kumaliza bandulo. Mukamuuze mwaulemu, mwachidule, mosanama. Mukabwera Loweruka mudzatiuze kuti zinatha bwanji, ngakhale mutalephera, chifukwa inenso ndinalephera pa sewero.

A wapampando, nthawi mwandipatsa ija ndadyako pang'ono, pepani. Zikomo nonse pondimvera.

*

Kuchokera kwa mlembi: Loweruka likubwerali tikumana malo omwewo nthawi ya 2 koloko masana. Tidzakhala awiriawiri n'kumayeserera kukana monga anafotokozera mnzathuyu, ndiye bwerani ndi pepala lanu lija. Amene mukufuna kuperekezedwa kwa aphungu, onanani ndi a matironi kapena a patironi paokha. Nkhani zotere musalembe pa gulu.